Zenera Langa Loyamba Kuchikamwini

Linali Loweruka, pa 13 Okutobala 1973, nthawi itangopitirira 1 koloko masana. Tsikulo sindiliiwala chifukwa ndi limene ndinaonana maso ndi maso ndi apongozi anga, amayi awo a agogo anu aakazi, ine ndisanavale malaya, chinangwa chili m'kamwa.

Ana inu simungaone chodabwitsa pamenepa. Masiku ano mkamwini ndi apongozi amapatsana moni wa m'manja, ena mpaka kupanikizana mpando umodzi m'minibasi. Choncho ndiyambe ndakuuzani m'mene tinkakhalira, kuti mukamaseka muziseka mukudziwa chimene mukuseka.

Agogo anu a Rozina ndinawakwatira chaka cha m'mbuyo mwake. Monga mwa mwambo, ndinachoka kwathu kufupi ndi Kachebere n'kukakhala kwawo, mudzi wa kuseri kwa Guilleme. Kumeneko ndiye kuchikamwini. Mwamuna ukafika amakuonetsa pomanga nyumba ndi polima, koma mudzi si wako. Pa malamulo onse lalikulu linali ili: apongozi aakazi suwayang'ana kumaso, iwonso sakuyang'ana. Mukakumana panjira, mmodzi amapatukira kutchire. Ukakhala ndi mawu umauza mkazi wako, ngakhale iwo ali pomwepo akumva. Kudya iwo akuona ndiye ayi ndithu. Sichinali chidani, unali ulemu, ndipo ine ndinausunga chaka chathunthu osaphonya. Apongozi angawo, aNambewe, ndinkawadziwa ndi mawu, ndi katsokomoledwe kawo ka m'mawa, ndi nsalu yawo yabuluu ikamalowa kuseri kwa nkhokwe. Nkhope ndinangoiona patali pa tsiku la ukwati.

Nyumba za nthawi imeneyo zinalibe mazenera enieni. Pakhoma pankakhala kabowo kongolowa nkhonya, kotsekedwa ndi chisanza. Masana ndithu m'nyumba munali bii. Singano ikagwa pansi, unkaisiya mpaka tsiku limene idzakubaya. Nyali yathu inali koloboyi, kachitini ka palafini kokhala ndi chingwe, ndipo ukakhala nako pafupi nthawi yaitali m'mphuno munkada. Iwe Tadala, amene umadandaula magetsi akathima ola limodzi, ukanalira.

A Rozina ankasoka pamanja: zigamba, madiresi a ana, zipewa. Ankasokera pakhonde. Chilimwe fumbi, dzinja mvula yowomba, ndipo pa nthawiyi anali ndi pakati pa mwana wathu woyamba, atate ako iwe Yamikani. Kukhala pakhonde tsiku lonse kunkawapweteka msana. Ndinawalonjeza kuti mvula isanagwe adzasokera m'nyumba, pampando, kuwala kukuwapeza komweko.

Ine ndinali nditafika Fomu 2, ndipo ndinkagwira ukalaliki pamsika wogula mtedza. Munthu wotere m'mudzi ankadziona wodziwa zinthu. Nyengo yogula itatha ndinapalasa njinga kukagula galasi la zenera kuboma, kumene akuluakulu ankakutchabe ku Fotimaningi. Khadi ya chipani inali m'thumba la malaya, chifukwa popanda iyo pachipata cha msika sunkadutsa. Galasi ndinalipeza m'sitolo ya Che Saidi, bambo wachisilamu wofatsa, wa kapu yoyera.

"Galasi ili mukukaika kumudzi?" anandifunsa akulipukuta.

"Eya, kumudzi."

"Kwanu kapena kwa akazi anu?"

"Kwa akazi anga. Koma njerwa ndinaumba ndekha."

Anangoti, "Ooo," n'kuyamba kulikulunga m'chiguduli. Ine ndinaganiza kuti achita nane ulemu.

Pobwerera ndinalimanga kumsana ngati mwana, masamba a nthochi mbali zonse. Pamchenga ndinkatsika n'kumakankha njinga. Ulendo umene ndinkayenda maola awiri unanditengera anayi. Kalipentala wa kumishoni anandikhomera felemu, ndipo Lachinayi zenera linalowa pakhoma. Ndinali nditaganizira kumene dzuwa limatulukira. Ndinali nditaganizira kumene mvula imawombera. Chimene sindinaganizire ndi chakuti pansi pa khoma lomwelo ndi pamene pankadutsa kanjira kochokera kunyumba ya apongozi kupita kunkhokwe.

Masiku awiri oyamba anali okoma. Apongozi anali kumaliro kumudzi wina. A Rozina ankalowetsa ulusi pasingano kamodzi n'kamodzi, akuseka okha. Tinaona zinthu m'nyumba mwathu zimene sitinkadziwa kuti zilimo: ukonde wa kangaude kudenga, ndi lumo langa limene linasowa pa Pasaka.

Ndiye linafika Loweruka lija. Kunkatentha kwambiri. Ndinavula malaya n'kukhala pafupi ndi zenera, mbale ya chinangwa pamiyendo. Apongozi anali atabwerako m'mawa, ndipo palibe anawauza za zeneralo. Akudutsa ndi lichero pamutu, anaona mayi wina pakhoma atasenzanso lichero. Mukudziwa kuti masana galasi ukaliona uli panja limayamba lakuonetsa iwe mwini. Iwo anaima. Mayi ujanso anaima. Anayandikira, n'kuika dzanja pachipumi kuti aonetsetse, mphuno mpaka kugunda galasi. Mthunzi wa dzanjalo utagwa pagalasi, mayi uja anasowa, m'malo mwake munaoneka ine.

Tinayang'anana. Sindikudziwa kuti kwa nthawi yaitali bwanji. Ndikukumbuka kuti anali ndi kachipsera pamwamba pa diso lamanzere, ndiponso kuti chinangwa chinakana kutsika. Kenaka anati, "Mayo ine!" Lichero pansi, chimanga mbwee, nkhuku zonse za m'mudzi n'kusonkhana. Ine ndinadzigwetsa pansi pa zenera ngati kwalira mfuti.

Dzuwa lisanalowe kunabwera atsibweni awo a Rozina, a Sitefano, amene anali nkhoswe ya ukwati wathu. Anali munthu wosakweza mawu. Anakhala pakhonde, chipewa pabondo.

"APhiri, mlongo wanga sanadye."

"Pepani, atsibweni. Sindinachitire dala."

"Tikudziwa. Mukanachitira dala sitikanakhala pansi chonchi. Koma iye akuti pabwalo pano sapondanso pokhapokha diso mwaika pakhoma lija litatsekedwa. Tsono taonani, mwanayu masiku ake ayandikira. Womuyang'anira ndi mayi wake. Ngati mayi sangafike kuno, mwana apite kwa mayi. Akakhala komweko kufikira khanda litayamba kukhala pansi."

Imeneyo inali miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa, ine ndekha m'nyumba, mkazi ndi mwana ali kunyumba imene sindikanatha kulowamo.

"Ndiikapo nsalu," ndinatero.

"Ndamuuza zimenezo. Akuti nsalu imachotsedwa ndi dzanja, ndipo iye sangamayende akuganiza kuti kaya lero yachotsedwa. Lamulungu la mawa lino ayi, koma linalo, tikatuluka m'tchalitchi, ndidzabwera. Ndidzapeze njerwa pamenepo, kapena ndidzanyamule mphasa ya mwanayu."

Atapita, a Rozina anabwera kudzakhala pambali panga. Kenaka anati, "Kwa amayi sindikufuna kupita. Koma mumdima muja sindikufunanso kubwerera. Munalonjeza ndinu. Ganizani."

Ndinaganiza. Atsibweni anati njerwa, koma chimene apongozi ankadana nacho sikunali kuwala, kunali kuona. Ndinakumbuka mphunzitsi wathu wa sayansi, amene tsiku lina anatiimika padzuwa ndi zinthu zitatu: galasi, pepala ndi thabwa. Galasi limadutsitsa kuwala ndi chithunzi chomwe. Thabwa silidutsitsa kanthu. Pepala lili pakati: kuwala kumadutsa, koma nkhope imatsala. Pamayeso funso limeneli ndinalikhoza. Sindinkadziwa kuti lidzandipeza kuchikamwini.

Lolemba ndinatolera mabotolo oyera asanu ndi limodzi n'kuwandandalika pakhonde. Loyamba madzi a pachitsime okhaokha. Lachiwiri madzi a mchere. Lachitatu matsukwa, madzi aja otuwa otsala mukaviika mphale. Kenaka madzi othira mkaka pang'ono, thobwa, ndi madzi a laimu amene anatsala popaka khoma. Botolo lililonse ndinkalikweza kudzuwa, dzanja kuseri kwake, n'kuona ngati zala zikuwerengeka.

M'madzi okhaokha zala zinkaoneka zonse, zonenepa pang'ono. M'madzi a mchere chimodzimodzi, ngakhale ndinathira mchere wambiri mpaka a Rozina anadandaula. Pamenepo ndinaphunzira kanthu: chimene chasungunukiratu m'madzi sichitchinga kuwala. Thobwa linatchinga zonse ngati khoma. Koma matsukwa, mkaka ndi laimu zinachita zimene ndinkafuna. Botolo lonse linkawala mbee ngati muli nyali, koma zala osaoneka. Tinthu ting'onoting'ono toyandama m'madzimo timamwaza kuwala uku ndi uku, ndiye kumafika ndithu, koma kutaiwala kumene kwachokera.

Ndili pakati pa ntchitoyi anafika alamu anga a Felesiya, akulu awo a Rozina, mayi wa ana anayi, pakamwa posatseka. Alamu ndiye munthu amene mwambo umamulola kukunyoza m'mene angafunire.

"Alamu, m'mudzi mwamveka kale. Akuti mwandandalika mabotolo, mukukonza mankhwala oti amayi aiwale zimene anaona."

"Ndi sayansi iyi, alamu."

"Sayansi yake ya thobwa? Bweretsani kuno ndimwe sayansiyo isanasase." Anamwadi. "Komatu amayi akuti nthiti zanu anaziwerenga zonse. Akufunsa ngati mng'ono wangayu amakuphikirani."

Kuyesa m'botolo n'kosavuta. Kuika pagalasi ndiye inali nkhani ina. Mkaka ndinapaka Lachiwiri. Unauma bwino, koma pofika masana ntchentche zinali zitadzaza, ndipo fungo lake a Rozina, m'mene analirimo, linawathamangitsira panja. Lachitatu ndinaphika kaphala kamadzimadzi ka ufa wa chinangwa. Kanagwira bwino kwambiri, ndinagona wokondwa. Kutacha ndinapeza mphemvu zitanyambita tinjira tokhotakhota pagalasi lonse, ndipo a Felesiya anaika diso pa kanjira kamodzi n'kufuula, "Ndakuonani, alamu! Mukukanda mutu!" Lachinayi ndinamata pepala lopaka mafuta a mtedza. Linkadutsitsa kuwala kwachikasu, kokongola, koma a Rozina anati, "Limenelo ndi mbale wake wa nsalu. Limamatuka ndi chikhadabo." Ananena zoona.

Unatsala laimu. Lachisanu ndinamupaka ndi bulashi monga ndinkapakira khoma. Atauma, m'nyumba munabwerera mdima wakale. Ndinatsuka, n'kuthira madzi ambiri. Uyu anayenderera, n'kusiya mizere, pena poyera pena poonekera. Ndinatsukanso. Pofika Loweruka masana ndinali nditatsuka galasi lija kasanu, ndipo ndinapita kuseri kwa nyumba kukayang'ana njerwa zimene zinatsala pomanga. Ndinaziwerenga. Zinali zokwanira kutseka bowolo.

A Rozina anandipeza komweko.

"Mwatopa?"

"Zakanika."

"Zakanika inu. Ine sindinayese. Sabata yonse mukupaka ngati mukupaka khoma la sukulu. Munaonapo mkazi akuzira nyumba ndi bulashi?"

Ana inu mwakulira pa simenti, kuzira simukudziwa. Amayi ankasungunula dothi m'madzi n'kulipaka pansi ndi pakhoma ndi chisanza, mopyapyala, mosasiya mzere. Mtsikana aliyense ankakula akudziwa ndi zala zake kuti apa madzi achuluka, apa achepa. A Rozina anatenga laimu uja, n'kumusefa pa kansalu kuti mibulu itsale. Anathira madzi mpaka anaoneka ngati matsukwa, n'kuwonjeza kamchere kuti agwire. Kenaka anapinda chisanza n'kuyamba kudinda pagalasi, chakum'kati kuti mvula isadzatsuke. Sankakoka ayi, ankangodinda, phaphapha, kuyambira pamwamba. Anadikira kuti paume, n'kudindanso kachiwiri. Ine wa Fomu 2 ntchito yanga inali kugwira mbale.

Pamene panauma, galasi linaoneka ngati chifunga cha m'mawa wa mu Juni. M'nyumba munali mowala, ndipo kuwala kwake kunali kofewa, kofika m'ngodya zonse, osati kuja kogwa malo amodzi n'kumatentha mwendo.

Lamulungu anthu atatuluka m'tchalitchi sanapite kwawo. Anabwera kwathu, ena Malembo Oyera ali m'manja, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango ngati kuli gule. Apongozi anaima kuseri kwa nkhokwe, nsalu yokha ikuoneka. Ine ndinavala malaya oyera a ukwati.

Atsibweni anayang'ana khoma. "APhiri, ndinati njerwa."

"Munatero, atsibweni. Koma ndikupempha muyambe mwaona. Ngati diso likupenyabe, njerwa zili kuseriku, nditseka lero lomwe."

Anandilowetsa m'nyumba n'kuuza a Felesiya kuti ayang'ane ali panja, poti ndiwo anali ndi maso akuthwa ndiponso sakanandikomera mtima.

"Kwezani zala, alamu!" anafuula. Ndinakweza zitatu. "Mwakweza?"

"Ndakweza."

"Bodza, simunakweze."

"Akweza zitatu," anatero atsibweni, amene anali nane m'katimo.

"Tsono vulani malaya tione!" Anthu kubwalo anafa nacho chiseko.

Atsibweni anatuluka n'kuima pamene anaima a Felesiya. Anaika dzanja pachipumi monga anachitira mlongo wawo, n'kusuzumira kumanja, kumanzere, pansi, pamwamba. Kenaka anati, "Tayandikirani pagalasi." Ndinayandikira mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda.

"Hmm. Pakuoneka chinthu chakuda. Chili ndi makutu."

Kubwalo kunayamba mkangano. Ena ankati mthunzi wa munthu ndi munthu yemweyo. Ena ankati ayi. A Felesiya anati, "Mthunzi wa alamuwa amayi amauona tsiku lililonse ukudutsa pabwalo, sanagwetsepo lichero. Komanso ndani amadya chinangwa atagunditsa mphuno pazenera?" Atsibweni anati nkhaniyi siingathe ndi mavoti, mwini wake alipo.

Ine m'katimo sindinkaona kanthu, poti galasi lija linatseka mbali zonse ziwiri. Ndinangomva mapazi akubwera pang'onopang'ono, kenaka kutsokomola kuja ndinkakudziwa. Pagalasi panagwa mthunzi waufupi, wa duku. Unaima nthawi yaitali. Unasendera uku, unasendera uko.

"Rozina," anatero apongozi.

"Wawa, amayi." A Rozina anali pambali panga.

"Amuna akowo ali m'menemo?"

"Alimo."

"Avala malaya?"

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Mwina n'chifukwa sitinkaonana. Ndinayankha ndekha: "Ndavala, amayi, mpaka batani la pakhosi."

Aka kanali koyamba kuwayankha mwachindunji. A Rozina anandigwira mkono. Kenaka mthunzi uja unayamba kugwedezeka, ndipo ndinamva kaphokoso ngati munthu akuletsa chiseko ndi nsalu.

"Rozina, uwauze kuti ndamva," anatero. "Tsono tuluka iwe, nawonso atulukire khomo la kuseri. Ndikufuna ndione m'katimo."

Khomo la kuseri kunalibe. Anthu anachita kutembenuza apongozi kuti ayang'ane kunkhokwe, ine n'kutuluka chowerama kukabisala kukhola la mbuzi, malaya a ukwati ali m'thupi. Zotsalazo anandiuza a Rozina. Akuti amayi awo analowa, n'kukhala pampando wosokera uja. Anayang'ana manja awo, kuseri ndi kutsogolo. Anapempha singano ndi ulusi. Zaka zisanu anali asanalowetsepo ulusi okha, ankachita kutuma ana. Anaphonya kawiri, kachitatu unalowa. Anaika singanoyo pansi n'kutuluka.

Pakhonde anauza atsibweni kuti, "Achimwene, mphasa ya mwanayu isiyeni. Ndizibwera konkuno." Anayenda pang'ono, n'kuimanso. "Rozina, uwauze amuna akowo kuti mwana akabadwa azidzagonanso kwa agogo ake masana. Kwangako ndi mdima. Sindikupempha kanthu, ndikungonena."

Madzulo amenewo a Felesiya anabwera ndi nkhuku yowotcha, akuti yachokera kwa amayi, ya kuti nthiti zija zikwiririke.

M'mawa mwake, Lolemba, ndinatenga chingwe choyezera ndi pensulo n'kupita kunyumba ya apongozi. Ndili patali ndinatsokomola katatu monga mwa mwambo, koma kunalibe woyankha. Anali atalawirira kudimba kuti ndigwire ntchito momasuka. Ndinazungulira nyumba kufuna khoma loyenera, ndipo ndinapeza kuti asankha kale. Kumbali ya kum'mawa anali atajambula ndi khala malo a zenera, ngodya zinayi zowongoka bwino. Ndinayeza, n'kubwerezanso kuti mwina ndalakwitsa. Linali lalikulu kuposa lathu ndi chikhatho chathunthu, m'litali ndi m'lifupi momwe. Ndinalemba miyezoyo monga analembera eni ake, n'kupita kukapopa njinga.